Khadi linakana katatu, atalikulunga m'jumbo linatheka

Funso: Zikomo amisiri. Ndili ndi golosale pa Mangochi Boma ndipo ndimalandiranso ndalama pa kamashini ka POS. Sabata yatha kunabwera bambo wina wochokera ku Monkey Bay kudzagula katundu wambiri. Chipu cha khadi lawo chinakana, kamashini n'kunena kuti tiswaipe. Tinaswaipa katatu, osatheka. Mnyamata wina amene anali pamzere anatenga khadilo, n'kulikulunga m'kajumbo kopyapyala, kuswaipa kamodzi kokha, lisiti n'kutuluka. Ine mtima unangoti myuu, ndimaganiza kuti ndi njira ya akuba. Kodi jumbo inachitapo chiyani? (Mayi wa golosale, Mangochi Boma)

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, m'jumbomo munalibe mankhwala. Koma tiyambire kumbuyo kwa khadilo.

Mzere wakuda uja ndi m'bale wake wa tepi ya kaseti, ija tinkaipukusa ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire. Ndi fumbi lokhala ndi chitsulo, losalala kuposa ufa woyera, lomatidwa pa pulasitiki, ndipo kachidutswa kalikonse ndi kamaginito pakokha. Polemba khadi, makina amaloza timaginito ta chigawo china kumanja, ta chigawo chotsatira kumanzere, choncho mpaka kumapeto. Luso lomata tepi pa khadi linayambira ku kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1960, ndipo nkhani imamveka yoti injiniya Forrest Parry atavutika ndi guluu, mkazi wake ndiye anamatira tepiyo ndi simbi yositira zovala.

M'kamashini mwanu, m'kati mwa mpata woswaipiramo, muli kachitsulo konyezimira kotchedwa hedi, ngati ka m'wailesi ya kaseti. M'kati mwake muli koilo ya waya wopyapyala. Koiloyi siimva maginito amene angokhala phee. Imatulutsa magetsi pokhapokha mphamvu ya maginito ikusintha, zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831. Aliyense amene anapalasapo njinga ya dainamo usiku amazidziwa: ukapalasa mwamphamvu nyali imawala, ukafika pachitunda imafiira, ukaima imazima. Khadi ndi chimodzimodzi. Malo amene timaginito tatembenuka akamadutsa pa hedi, koilo imatulutsa kamphamvu kamodzi, ndipo kukula kwake kumadalira liwiro la dzanja lanu. Ndimaona anthu ambiri, khadi likakana, ulendo wachiwiri amalikoka pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala. Akuganiza kuti akuthandiza kamashini, chonsecho akuzimitsa nyali. Kokani mwachangu ndithu, kamodzi, osaima panjira.

Kusaima panjirako n'kofunika chifukwa kamashini sikawerenga zilembo, kamawerenga kugunda, ngati wovina akumvera ng'oma. Sitepe iliyonse imayamba ndi kugunda kumodzi. Sitepe ikatha popanda kugunda kwina pakati, ndiye 0. Pakakhala kugunda kowonjezera pakati, ndiye 1. Kumayambiriro kwa mzere kumakhala ma 0 okhaokha, kuti kamashini kagwire kaye liwiro la dzanja lanu. Mzere wakudawo uli ndi tinjira titatu. Kachiwiri, kamene makina olipirira amadalira kwambiri, kamanyamula manambala osaposa 40, kuphatikizapo nambala ya khadi ndi mwezi wothera ntchito, ndipo sitepe zake ndi 75 pa inchi imodzi, kutanthauza kuti iliyonse ndi pafupifupi mamilimita 0.34. Koyamba, komwe kuli dzina la mwini, n'kothinana: sitepe 210 pa inchi.

Tsono khadi la kuno limakhala m'thumba limodzi ndi makiyi, makobiri ndi mchenga wa kunyanja. Mchenga ndi wolimba kuposa mzerewo, umaukanda. Pamene pakandika, mphamvu ya maginito imadukiza, ndipo tizidutswa tothothoka timakakhala pomwe sitiyenera. Zonsezi zimatulutsa kugunda kwabodza. Kukangolowa kumodzi pakati pa sitepe, 0 wasanduka 1. Mwayi wake, nambala iliyonse ili ndi kachizindikiro kotsimikizira, ndipo kumapeto kuli kena kowerengetsera mzere wonse. Masamu akapanda kugwirizana kamashini kamakana, m'malo modula ndalama ku akaunti ya munthu wina.

Apa ndiye pamene jumbo ikulowerera. Ntchito yake ndi kutalikitsa khadi ndi hedi pang'ono chabe. Nthawi ya zinamwali, mukakhala tsidya lina la Shire usiku, ng'oma yaikulu mumaimva bwinobwino koma kuwomba m'manja ndi phokoso la ana zimathera panjira. Maginito nawo ali ndi khalidwe lofanana ndi limeneli: zinthu zing'onozing'ono zothinana zimazilala msanga ukatalikira, zikuluzikulu zimafika patali. R. L. Wallace wa ku Bell Labs analemba masamu ake mu 1951. Tikawagwiritsa ntchito pa jumbo ya mamilimita 0.03, kugunda kwenikweni kwa kanjira kachiwiri kumatsala ndi mphamvu yoposa theka, pomwe phokoso la kamalo kokandika ka mamilimita 0.05 limatsala ndi magawo awiri okha pa 100. Zonse zachepa, koma zabodza zachepa kwambiri, ndipo kamashini kayambanso kumva ng'oma yokha. Pepala la lisiti nalo nthawi zina limachita zomwezo.

Chondiseketsa n'chakuti jumbo yogwira bwino ntchitoyi ndi yopyapyala ija boma linaletsa mu 2015, yosafika mamaikiloni 60 (mamilimita 0.06). Yokhuthala imadya mphamvu yambiri, mukaipinda kawiri ndiye basi, hedi siimvanso kanthu. Ndipo khadi limene mzere wake unafufutika ndi maginito, kapena unaperepeseka mpaka kuoneka pulasitiki yoyera, jumbo imangoonjezera vuto. Ku ATM musayese n'komwe. Khadi limalowa lonse m'kati, jumbo ikakodwa pa mawilo, mudzasiya mzere wa anthu akukutukwanani tsiku la malipiro.

Ine ndikadakhala pamenepo ndikadayamba ndi kusuzumira kamashini kanu. Mwezi wathawu anandibweretsera kena kochokera pamalo ogulitsira chambo m'mbali mwa nyanja, akuti kafa. Nditaunika ndi tochi ya foni, hedi inali itavala chikhakha chakuda, fumbi losakanizika ndi mafuta a m'manja. Ndinakulunga kansalu koyera pa khadi lakale, kudonthezera sipiliti pang'ono, kudutsitsa kasanu. Kansaluko kanatuluka ngati kapukuta mphika, kamashini n'kudzuka. Fumbi lathu lina lili ndi chitsulo. Tengani maginito a sipika yakufa muwagudubuze mumchenga wakuda wa m'mphepete mwa nyanja, muona atamera ndevu. Fumbi lotere likakhala pa kampata ka hedi limaba mphamvu imene ikanalowa mu koilo. Makhadi angapo akakana tsiku limodzi, wodwala si khadi.

Mantha anu aja, komabe, sanali opanda pake. Zolembedwa pa mzere wakuda sizisintha, ndiye wakuba akazikopa amatha kuzilemba pa khadi lina lililonse. Chipu chimapanga nambala yachinsinsi yatsopano pa malonda aliwonse, n'chifukwa chake akuba ena amaononga dala chipu kuti kamashini kalole kuswaipa. Chipu chikakana, yang'anani ngati manambala anayi omalizira pa lisiti akufanana ndi a pakhadi, ndipo pa katundu wambiri musachite manyazi kupempha chiphaso. Mastercard inalengeza mu 2021 kuti kuyambira 2029 makhadi ake atsopano sadzakhalanso ndi mzerewu, ndipo pofika 2033 udzakhala utatheratu. Bambo a ku Monkey Bay aja, chipu chafa, mzere wakandika: apite ku banki akatenge lina.

Funso: Ndimagwira ntchito pa malo ogona alendo ku Makawa. Makhadi otsekulira zitseko amafa pafupipafupi, alendo amati foni ndiyo yafufuta. Bwanji khadi langa la ku banki silifufutika, chonsecho limagona ndi foni?

Yankho: Achimwene, mizereyi ilipo mitundu iwiri. Ya makhadi ambiri a zitseko ndi yofewa, ya ma oersted 300 okha (oersted ndi muyeso wa mphamvu ya maginito yofunika kuti mzere ufufutike), kawirikawiri yofiirira, ndipo anaipanga dala choncho kuti muzilembanso mlendo aliyense akabwera. Ya ku banki imakhala pa ma oersted 2750 kapena kuposa, siigonja wamba. Mafunde a netiweki safufuta khadi. Wolakwa amakhala kamaginito kotsekera kava ya foni, kapena ka pa chikwama cha amayi, kakagundana ndi mzerewo. Muziwapatsa alendo khadi m'kaenvelopu ka pepala ndi kuwauza kuti lisalowe m'kava. Muwauzenso asalisiye pa dashibodi ya galimoto: dzuwa la Okutobala la kuno silifufuta maginito, koma limapinda pulasitiki, ndipo khadi lopindika pakati pake sipakhudza hedi.