Timbale Tanuto Musatitaye Msanga

Mtsikana wina wophunzira za ulimi wandilembera imelo. Akuti akathira dothi pa timbale ta agar (phala lolimba lomeretserapo tizilombo), masiku awiri okha nkhungu ndi mtundu umodzi wa mabakiteriya zadzaza ponseponse. Kodi agule chakudya cha tizilombo champhamvu kuposa apa?

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Ine chaka chathunthu chinandithera m'maganizo omwewo. Dothi ndinkakatapa kumunda kwa amayi, pansi pa msangu pomwe chimanga chimabereka bwino, n'kumaliyika mu incubator (bokosi lofunditsira tizilombo) pa madigiri 37 ngati ndikuyeza mkodzo wa wodwala. Bwana wa labotale lamulo lake linali limodzi: mbale ikakwana masiku atatu, itayidwe ku dzala. Ndiye kunagwa maliro kumudzi. Ndinasiya m'kabati timbale tisanu tomwe chakudya chake ndinachisungunula kwambiri poti chinali chitatsala pang'ono kutha. Pobwera patatha milungu isanu, ndinapeza timadontho ting'onoting'ono tamitundumitundu, tina toyera ngati ufa, tikununkhira ngati mvula yoyamba. Ameneyo ndi Streptomyces, wa gulu lomwe linatipatsa mankhwala opha mabakiteriya a streptomycin ku yunivesite ya Rutgers mu 1943. Bwana anangoti ndachita uve. Mpaka lero zimandiwawa.

Olakwa ndife. Tizilombo tozolowera njala ya m'nthaka timatikonzera phwando la ukwati, adyera ochepa n'kulanda mbale yonse. Asayansi Staley ndi Konopka analipatsa vutoli dzina loti "great plate count anomaly" mu 1985: mwa mabakiteriya 100 ooneka pa microscope, nthawi zambiri omera pa mbale sapitirira mmodzi. Peter Janssen ku Melbourne anachepetsa chakudya, n'kudikira milungu yambiri, mitundu yosadziwika inatulukira. Anzathu a ku Northeastern University, ku Boston, anachita kubwezera mabakiteriyawo m'dothi momwemo ndi kachipangizo kotchedwa iChip, ndipo mu 2015 analengeza teixobactin, mankhwala opha mabakiteriya ochokera m'dothi la ku Maine. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pitani mukauze woyang'anira amene akufuna lipoti Lachisanu!

Chochita tsono

Musagule chakudya champhamvu. Gawo limodzi la nutrient broth (msuzi wodyetsera mabakiteriya), magawo 99 akhale madzi. Dothi lisungunuleni kangapo. Kutentha kukhale madigiri 25. Cycloheximide amaletsa nkhungu, koma ndi poizoni, valani magolovesi. Phosphate muziphika payekha, chifukwa akalowa mu autoclave (mphika wophera tizilombo ndi nthunzi) limodzi ndi agar amatulutsa hydrogen peroxide, yomwe imalepheretsa mabakiteriya kumera. Timbale timateni m'mbali, apo ayi kutentha kwa Okutobala kuumitsa agar milungu isanu isanakwane.