Musathamangire kumupereka kwa sing'anga, achemwali

Achemwali, za mng'ono wanu wolota mitsitsi ndi kumakomokayo zandichititsa tsemwe. Amene akuti akaphunzire using'angawo akamuperekeze okha, akagone naye komweko. Ine ananditumiza ndili ndi zaka 19. Amalume anagulitsa mbuzi ziwiri pa Ulongwe, kupereka chipondamthengo, n'kundisiya kwa bambo wina kumidzi ya ku Furancungo. Akuti mizimu ya agogo yandigwira.

Miyezi yoyamba sindinaukhudze n'komwe ula. Ntchito yanga inali kukumba muwawani, kusinja makungwa, kutsuka nsupa, kenako kupalira chimanga chawo mpaka dzuwa litapendeka. Mchere anandiletsa, nkhumba anandiletsa, mphini m'mikono monsemu. Zimenezo ndinapirira, chifukwa mitengo ndinkaidziwadi, ndi pomwe imamera.

Chinanditsegula maso ndi ichi. Tinali atsikana awiri, amatikhazika pansi pa mtengo wa mango pomwe odwala amadikirira, ati tizipala mitsitsi. Kumeneko kunali kutchera khutu. Wachokera kuti, wafedwa ndani, akukangana ndi yani za munda. Tikalowa kukapereka madzi timanong'oneza, iwo n'kumayang'ana m'kalilole, mchira m'manja, kumatchula zomwezo ngati zatsika kumwamba. Anthu kuwomba m'manja, ena kulira.

Ndiye tsiku lina kunabwera a kumudzi kwathu kwenikweni. Mwana wa msuweni wanga anali atamwalira, kutentha thupi masiku atatu basi. Bambo aja anandiveka nsalu yoyera, kundipatsa chikho, ati lero uwombeze ndiwe, abale ako aone kuti ndalama zawo sizinapite pachabe. Dzina anali atandiuziratu kuseri kwa nkhokwe: azakhali anga, amasiye, omwe ankandifungatira tili othawa nkhondo ku Dedza nkhondo isanathe mu 1992. Ng'oma ikulira, utsi uli tolo, amalume akundiyang'anitsitsa. Ndinanjenjemera zenizeni, anthu n'kumati mzimu wafika. Ndinalitchula dzinalo, achemwali. Pakamwa pangapa. Sabata isanathe anawasasulira denga, anakafera kwa mwana wawo ku Moatize osandilankhulanso. Mwana uja anali malungo, aliyense ankadziwa, koma malungo sungawasasulire denga.

Sing'anga ameneyo ndikamukumbukira ndimasowa tulo. Wadyera, wopanda chisoni, ankatidyetsa gaga iye akudya nkhuku za odwala. Ndinathawa mbandakucha, kukwera chapa ndi ndalama yobisa m'mpango.

Ndiye poyamba mupite naye kuchipatala, akamuyeze magazi, muwafotokozere za kukomokako, mwina ndi khunyu, ndipo mankhwala ake alipo. Wina aliyense wofuna kuti mwanayo azitchula mfiti mumuthawe. Kutsidya ku Malawi lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu ufiti, kuno ku Mozambique timangoonerera mpaka nyumba itapsa.

Koma musamunyozenso malotowo ayi. Ine mpaka lero ndimalota mtengo, kukacha ndimakaupeza pomwe ndinauona, ndipo amayi a m'mudzi muno amabwera ndikawapatsa za m'mimba. Akapanda kupeza bwino, mufunse kwa a AMETRAMO, bungwe la asing'anga kuno, za agogo aakazi okhala pafupi, oti mwanayo azipita masana n'kumagona kwanu. Ufa wa nsembe mukathire ndithu patsinde pa mpoza, amalume ake atsogolere. Ula wokhawo asaugwire.