Makiyi a galimoto ya bambo anu

Mdzukulu wanga wina wa ku Area 25 wandifunsa za bambo ake. Bambowo ali ndi zaka 76, akuyendetsabe galimoto, ndipo posachedwa anaikhulitsa pa geti la panyumba pawo. Azichimwene ake akuti angowabisira makiyi. Iye akufunsa ngati n'koyenera.

Ayi, mdzukulu wanga. Makiyi timabisira mwana kapena chidakwa, ndipo bambo ako akadzazindikira, chilonda chimenecho sichidzapola msanga. Komanso kungokhala chete n'kulakwa, chifukwa pamsewu pamayenda ana a eni.

Zaka pazokha sizikuuza kanthu. Alipo okalamba oyendetsa bwino kuposa anyamata a minibasi a m'depoti. Uwapemphe akuperekeze ku Kanengo kapena ku Bwalo la Njobvu, iwe ukhale kutsogolo, uzingoyang'ana. Pobwerera m'mbuyo khosi likutembenuka? Phazi likufika msanga pa buleki? Pa raundabauti akupereka mpata kwa wochokera kumanja? Nanga wa kabaza akatulukira mwadzidzidzi pakati pa magalimoto, monga amachitira ku Mchesi ndi ku Biwi, akumuona nthawi yabwino? Akasokonezeka pa interchange ya ku Area 18 usadandaule kwambiri, Lilongwe wasintha ndipo achinyamata omwe amazungulirapo kawiri. Koma akasochera panjira ya kutchalitchi kwawo, imene aiyenda kuyambira iwe usanabadwe, imeneyo ndi nkhani ya kwa dokotala, ndipo musachedwe nayo.

Nthawi zambiri vuto limakhala maso. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa, amangodandaula kuti magetsi a magalimoto a masiku ano akuthobwa m'maso usiku. Ng'alatu imachotsedwa. Ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central amachita opaleshoni imeneyi, ku Nkhomanso amaichita, ndipo ambiri amaonanso bwino. N'chifukwa chake zimandipweteka ana akamaweruza kholo asanapite nalo kokapimitsa. Palinso nthenda ina, madokotala amati glaucoma, imene imadya kuona kwa m'mbali. Munthu amaona bwinobwino kutsogolo koma wanjinga ali pambali pake samuona. Zimene yadya sizibwerera, koma ikapezeka msanga amatha kuichedwetsa.

Mukapita, munyamule mankhwala onse amene amamwa. Shuga akatsika m'thupi munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka ali pa chiwongolero. Mankhwala ena a BP amabweretsa chizungulire, ndipo ngakhale piritoni wa chimfine amaodzeretsa. Dokotala akhoza kungosintha mankhwala kapena nthawi yomwera, vuto n'kutha.

Bambo ako adzakuonetsa laisensi yawo n'kunena kuti a Road Traffic anawavomereza. Usatsutse. Ungokumbukira kuti laisensi imakhala zaka 5, ndipo pa msinkhu umenewo maso amatha kusintha kwambiri zakazo zisanathe.

Tsono woyankhula ndani? Usakhale iwe wekha, ndipo zisachitike pamaso pa apongozi kapena adzukulu. Upite kwa azakhali ako, kapena kwa mnzawo wa msinkhu wawo, kaya ndi mkulu wa mpingo amene amamumvera. Mayi ako ayambe adziwa, mwina akhala akuopa kalekale osanena. Poyankhula munene zimene mwaona, za geti ndi za usiku zija, mawu oti "mwakalamba" asatuluke. Muwafunse maganizo awo. Akuluakulu ambiri amadziwa kale mumtima, chimene amaopa n'kukhala pakhonde kudikira chifundo cha ana.

Sikuti asiye tsiku limodzi. Ayambe asiya usiku, mvula ikamagwa, nthawi ya m'mawa ndi madzulo pamene msewu wadzaza, ndi maulendo aatali a pa M1 opita ku Dedza kapena ku Kasungu. Masana m'dera lawo aziyendetsabe ngati dokotala walola. Koma ngati anachitapo sitiroko, kukomoka, kapena kuiwala kwakula, apo pokha musanyengerere.

Ndipo musanakayambe nkhaniyi, inu ana mukhale pansi mugawane. Wowatengera kutchalitchi Lamlungu ndani, wa kumaliro akumudzi ndani, wa kumunda nthawi yodzala ndani, mafuta agula ndani. Galimotoyo ikhalebe m'dzina lawo, makiyi azikhala kuchipinda kwawo, ndipo woiyendetsa azikawapempha kwa iwo.