Funso la asisi a ku Katete: kodi munthu wa mano angalembeko pa Wikipedia?

Sabata yatha kunabwera email kuchokera kwa asisi ena omwe amagwira ntchito ya mano pa kiliniki ina kumbali ya Katete uko. Dzina sinditchula. Analemba motere: "Achimwene, ine ndine dental therapist, ndinaphunzira ku Dental Training School ku Lusaka. Odwala ambiri masiku ano amabwera atawerenga kale pa foni, ndipo zina ndi zabodza zenizeni. Ndinamva kuti inu mumalembako pa Wikipedia. Kodi ine ndingalembeko za mano? Amafuna mapepala anga a HPCZ? Nanga amalipira?"

Tiyambe ndi la ndalama poti ndikudziwa ndi lomwe ambiri mwatchera khutu. Salipira asisi, olo ngwee imodzi. Bundle ndi yanu, nthawi ndi yanu, malaiti akapita muli pakati polemba mutu wowawa ndi wanunso. Chiyambire mu January 2001 pomwe Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaitsegula, Wikipedia imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, a Wikimedia Foundation ku San Francisco ntchito yawo ndi kusamala makompyuta ndi kutolera zopereka, nkhani salemba iwo. Ndiye wina akakuuzani pa WhatsApp ati tumizani kangachepe tikulembetseni ntchito ya Wikipedia, ameneyo ndi kawalala, mblokeni chabe.

Mapepala a HPCZ, bungwe lija lolembetsa ogwira ntchito za umoyo ku Zambia, nawo safuna. Palibe adzakufunseni satifiketi, ndipo apa ndi pomwe pamakoma komanso pamawawa, chifukwa inu amene mwazula mano zaka ndi zaka ndi kamnyamata ka Grade 10 ka mu Mchini kokhala ndi foni ya amalume ake, pamenepaja ndinu olingana. Samafunsa kuti ndinu ndani, amafunsa kuti zimene mwalembazo mwazitenga m'buku liti.

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Tsiku langa loyamba ndinapeza tsamba la Chingerezi lokamba za timitengo totsukira mano, ndinawonjezera mizere itatu ya momwe ambuya anga ankachitira kumudzi, kutafuna nsonga mpaka ifewe ngati mswachi, ndinalemba bwino bwino mpaka kudzitama ndekha. Ndisanamalize kumwa tiyi munthu wina anali atafufuta kale, kusiya kamawu kamodzi kokha koti palibe umboni. Ndinakwiya maningi, ndimati kodi iyeyu ambuya anga amawadziwa? Koma anali kukhoza. Zomwe unaona ndi maso ako, olo zikhale zoona bwanji, ngati sizinasindikizidwe pena pake podalirika, pa Wikipedia sizilowa. Inu asisi izi zidzakuvutani kuposa ine, chifukwa mumadziwa zambiri za m'kamwa mwa anthu a kuno kuposa buku lililonse, koma mudzayenera kuziluma lilime.

Pa nkhani za umoyo malamulo ndi olimbirapo, pa Wikipedia ya Chingerezi amawatcha MEDRS. Nyuzipepala siikwana. Kafukufuku mmodzi wochitika pa anthu ochepa naye sakwana, chifukwa mawa wina adzapeza zosiyana. Amafuna zolemba zomwe zasonkhanitsa mafukufuku ambiri nkuwayeza pamodzi, monga zija za Cochrane, kapena mabuku ophunzirira aja munkasenza ku sukulu, kapena malangizo a mabungwe ngati WHO. Mwachitsanzo simungalembe kuti ana a ku Katete mano akuwola chifukwa cha maswiti ndi mafiliziti a pa geti ya sukulu, olo mumaziona Lolemba lililonse. Koma mungalembe kuti lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko ali ndi matenda a m'kamwa, ndi kuti WHO imalangiza kuti shuga wowonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu yomwe munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, nkuyikapo pomwe mwazitenga. Ndipo mulembe m'mawu anuanu, kukopera buku liwu ndi liwu amafufuta msanga.

Zina ndingozidutsa mwachangu. Musalengeze kiliniki yanu, musatsegule akaunti m'dzina la kuntchito, musalembe ngati muli mu consultation kuti imwani mapilisi awa katatu pa tsiku. Zithunzi za odwala samalani kwambiri, chithunzi chikalowa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za Wikipedia, aliyense padziko ali ndi ufulu wochigwiritsa ntchito, ndiye popanda chilolezo chomveka cha mwini kamwa musayese.

Manje funso lomwe simunafunse koma ndi lomwe ine likundiyabwa: mulembe kuti? Ku Wikipedia ya Chingerezi kuli nkhani zoposa 7 miliyoni, tsamba la kuwola kwa mano kumeneko lili ndi alonda usiku ndi usana, kuli gulu la WikiProject Medicine, kuli lina la WikiProject Dentistry, kuli anthu ngati James Heilman dokotala wa ku casualty ku Canada amene wakhala akukonza masamba a zachipatala zaka zambiri. Mungathandizeko, inde, makamaka posintha maumboni akale. Koma kumeneko muli ngati munthu wothira ndowa ya madzi mu Luangwa nthawi ya dzinja. Tsegulani ny.wikipedia.org muone kwathu. Nkhani zonse za Chinyanja zangopitirira pang'ono 1,000, zambiri timizere tiwiri titatu basi, pamene anzathu a Chitumbuka anadutsa kale 10,000, a ku Lundazi akutiseka. Chiyankhulo choyankhulidwa kuyambira Lusaka, Chipata, kudutsa Mwami mpaka Lilongwe, Blantyre ndi Tete, koma mayi wofuna kuwerenga za mano a mwana wake m'chiyankhulo chake palibe chogwira. Ine ndikuti pitani kumeneko.

Ndipo ntchito yeniyeni kumeneko si sayansi ayi, sayansi muli nayo kale, ntchito ndi mawu. Dzino, nkhama, nsagwada, chibwano, kuzula, kumata, awa tili nawo. Nanga plaque muti chiyani? Enamel? Mukati chiseyeye ena amva nkhama zotuluka magazi, ena amva matenda osowa vitamini C, ndiye muyenera kunena chomwe mukutanthauza. Vuto lalikulu ndi liwu loti tizilombo. Mukangolemba kuti tizilombo timadya dzino, wowerenga waona kale kanyongolotsi kaja amati asing'anga amatulutsa ndi utsi, ndipo mwamulimbitsa pa bodza lomwe mumafuna kuchotsa. Pamafunika kufotokoza mofatsa kuti ndi mabakiteriya osaoneka ndi maso, monga Streptococcus mutans, amakhala mu litsiro lomata pa dzino, akadya shuga amatulutsa asidi, asidiyo ndi amene amasungunula chikopa cholimba cha dzino pang'ono pang'ono mpaka bowo. Mawu omwe mumagwiritsa ntchito pouza agogo atakhala pa mpando wanu uja, amenewo ndiye abwino. Makina omasulira musawakhulupirire, amatulutsa Chinyanja chopanda mwini, choti mungawerenge katatu osamva. Za kalembedwe nazo mudzakumana nazo, ife kusukulu tinaphunzira cinyanja ndi cakudya, a ku Malawi amalemba ndi ch, ine ndinaleka kukangana nazo, ndimangotsata momwe tsambalo linayambira.

Mitu yoyambira ilipo yambiri. Kuti mano oyamba a mwana ndi 20 ndipo a munthu wamkulu ndi 32, komanso kuti dzino loyamba lokhalitsa lakumbuyo limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 popanda lina kuguluka, ndiye makolo amaliyesa lachibwana nkulisiya liwole, iyi inu mumaidziwa kuposa ine. Kuti kumera mano sikutsegula m'mimba, mwana wotsegula apite kuchipatala. Kuti dzino la wamkulu likaguluka pa bola aligwire kumutu osati kumuzu, aliyike mu mkaka nkuthamanga nalo. Kuti mankhwala otsukira mano akhale ndi fluoride wa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm, zimalembedwa pa chubu. Ndiye pali noma, chilonda chija chimadya tsaya la ana osowa zakudya, chomwe WHO inachiyika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023.

Poyamba tsegulani akaunti ndi dzina longopeka, yeserani mu sandbox, tsamba lanu loyeserapo kulemba, momwe palibe angakudzudzuleni. Ku Chingerezi simungatsegule nkhani yatsopano mpaka akaunti ikwane masiku 4 ndi ma edit 10, ndiye yambani ndi kukonza tating'ono. Ine ndimalemba kaye mu notes ya foni data ili yozima, nkumata network ikabwera. Wina akafufuta zanu musabweze mwaukali, kubweza koposa katatu m'maola 24 pa tsamba limodzi amakutsekerani, pitani pa talk page, tsamba lokambirana la nkhaniyo, mukambirane ngati anthu.

Nditumizireni dzina la akaunti mukatsegula, ndiziyang'anako zomwe mukulemba. Ndipo mukabwera ku Chipata kumapeto kwa mwezi mundiuze, tikumane chakumsika wa Kapata, mubwere ndi mabuku anu aja a ku Lusaka ngati chiswe sichinadye, tiyambe ndi tsamba la dzino lakumbuyo lija.