Kuyankha msuweni za mwana ndi agogo ake

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Ndaumvera kawiri, poti koyamba kunali phokoso. Ukufunsa kuti mwana akakhale masabata angati kwa azakhali, mayi ako, pa tchuthichi, awiri kapena anayi, chifukwa akabwerako amakhala wosamva, amagona mochedwa, ukamuletsa kanthu amangoti "agogo amalola". Akuti amamusasatitsa. Chabwino.

Koma ine zamasabatazo... dikira kaye. Kumapeto kwenikweni kwa uthengawo unatsitsa mawu, n'kunena kuti "ine mayi sanandichitirepo zimenezi", kenako kaphwete kaja. Kaphwete kamenekako ndimakadziwa ine, unayamba uli mwana. Ukamaseka choncho ndiye kuti chakubaya.

Ukukumbuka magalasi a agogo athu aja? Usandiuze kuti waiwala, unawakhalira ndiwe. Eya, ndiwe! Tinkalimbirana tonse atatu kuti tiwavale, iwe n'kuwabisa pampando, n'kuiwala, n'kukhalapo ndi thupi lonse. Phwaa. Mwendo umodzi kuthyoka, galasi limodzi kugubuduzika mpaka pansi pa kabati. Tinathawa. Ayi, ndanama, sitinathawe, tinangouma pomwepo, amene anathawa ndi achimwene. Agogo analowa, n'kutola, n'kuwavala choncho ndi galasi limodzi lomwelo, n'kutiyang'ana. Kenako anaseka mpaka misozi, amvekere tsopano azitiona ndi diso limodzi, tizipulupudza mbali inayo.

Ndiye chimene iwe sunaone, chifukwa unali utakwirira nkhope m'manja, ndi amalume ako aang'ono. Bambo anga aang'ono aja. Anali ataima pakhomo, thumba lili m'manja, anali atangofika kumene. Sanaseke. Anangoika thumba pansi, n'kuvula magalasiwo kumaso kwa mayi awo, n'kutuluka nawo. Masana onse anakhala panja ndi kawaya kopyapyala ndi pulayala, kupinda, kumasula, kupindanso. Ndinapita kukawaonerera, sanandithamangitse koma sanandilankhulenso. Ndimakumbuka manja awo mmene ankanjenjemera polowetsa kawayako pakabowo, n'kuphonya katatu konse. Munthu woti amakonza mawotchi a anthu osaphonya.

Madzulo ndinawamva akulankhula ndi agogo. Sindinkamvetsera dala... aaa, chabwino, ndinkamvetsera. Anawakumbutsa za galasi la nyale limene iwo anaswa ali ndi zaka 9. Akuti anakwapulidwa mpaka sanathe kukhala pansi, ndipo tsiku limenelo palibe anawalankhula. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, ana ake atatu, koma mawu ankatuluka ngati a kamnyamata. Anafunsa kuti nanga bwanji lero ana aswa chinthu chodula kuposa nyale, inu mukuseka?

Agogo anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati nthawi imeneyo nyale inali imodzi, ana asanu ndi mmodzi, iwo ali okha, ukudziwa nkhani ija. Anati ankadzuka ndi mantha n'kugona ndi mantha, kuti akangofewa pang'ono zonse zigwa. Pano manthawo anatha, chatsala ndi chimene ankafuna kuwapatsa kalelo koma analibe mpata. Amalume ako sanayankhe. Koma magalasi aja, a waya aja, ndi chinthu chokhacho anapempha titaika maliro. Ali nawo mpaka lero m'kabokosi ka mawotchi. Ndipo taona mmene adzukulu awo amawakwerera pamutu panopa, munthu amene ife tinkangomva kutsokomola kwake n'kukhala bwinobwino.

Ndimati chiyani kodi... eya. Ife kuntchito, tikamaphunzitsa amayi oyembekezera, pali chinthu chimodzi chimene chimandigwira mtima nthawi zonse. Mwana wamkazi amapanga mazira ake akadali m'mimba mwa mayi ake. Mimba ikafika masabata 20 amakhala nawo pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni, pobadwa amatsala miliyoni imodzi kapena ziwiri. Ndiye taganiza. Dzira limene linadzakhala mwana wakoyu linali mwa iwe pamene iwe unali m'mimba mwa azakhali. Anakunyamulani nonse awiri nthawi imodzi. Ukamati mwana wanga, mwana wanga, iwonso ali ndi pogwira.

Palinso kafukufuku wina wa mu 2021, ku Emory University ku America, wa James Rilling ndi anzake. Anatenga agogo aakazi 50, n'kumawaonetsa zithunzi uku akuunika ubongo wawo ndi makina. Akaona chithunzi cha mdzukulu, mbali ya ubongo yomvera limodzi ndi munthu ndi imene inkagwira ntchito kwambiri, mwana akaseka iwonso akondwa, akalira iwonso chawapweteka. Koma akaona chithunzi cha mwana wawo wamkulu, kholo la mdzukuluyo, inkadzuka kwambiri mbali yoyesa kumvetsa kuti munthuyu akuganiza chiyani. Waona? Mdzukulu amangomumva m'thupi. Iwe amakulingalira, kuti mwana wangayu mumtima mwake muli chiyani, bwanji sakuimba, kodi ndinamulakwira. Ndipo azakhali amandifunsa zimenezo ine, usaone ngati ndikupeka. Sakufunsa iwe chifukwa amakuopa pang'ono. Eee, amakuopa, ndi pakamwa pakopo ndani sangaope.

Ndiye tamvera, msuweni. Zimene ukuona azakhali akumuchitira mwanayo, kumupesa tsitsi pang'onopang'ono osakoka, kumulola agone pamiyendo mpaka mwendo kuchita dzanzi, zinali zako zimenezo. Zinachedwa, zafikira kwa mwana wako chifukwa iwe unakula, ndipo sadziwa kuti angayambire pati ndi mayi wamkulu ngati iwe. Sindikunena kuti zimene unadutsamo zinali zabwino, ayi. Ndinalipo, ndinaona, chaka chija unadwala ndimachikumbuka. Kukupweteka n'koyenera. Koma usamulande mwana agogo ake chifukwa cha bala lako, ndipo iwenso usadzimane.

Zogona mochedwazo n'zazing'ono. Akabwera, masiku atatu abwerera m'malo mwake, ana amadziwa kuti kwa agogo n'kwina, kunyumba n'kwina. Ifeyo sitinkadziwa? Chimene uwauze azakhali mosapita m'mbali ndi mankhwala ake a chifuwa aja, nthawi yake isaphonyeke, ndi foni asamusiyire usiku. Ziwiri zokhazo. Zinazo asiye achite zaugogo.

Ndibwerezenso, poti iwe umamva ndi khutu limodzi ngati magalasi aja. Akamamukumbatira mwanayo, akukumbatira iwe wa zaka 6 amene sanathe kumukumbatira nthawi ija. Amalume ako zinawatengera zaka makumi atatu ndi kawaya kuti amve zimenezi, ndipo anachita mwayi, anafunsa mayi awo ali moyo. Ako alipo, akuyenda okha, akumva bwinobwino.

Ndiye mwana apite, anayi onsewo ngati sukulu ikulola. Koma usamutumize ndi munthu, ukamusiye wekha, ndipo usakangotula chikwama n'kutembenuka monga umachitira. Ukagoneko masiku awiri. Mwana akagona, ukakhale nawo azakhali, uwafunse ngati mmene anafunsira amalume. Ukalephera kuyamba, yamba ndi nkhani ya magalasi, amaidziwa, adzaseka okha. Ineyo ndikhoza kukuperekeza Loweruka ngati sindili pa ntchito ya usiku, ndiona ndandanda mawa ndikuuza. Foni yatsala pang'ono kuzima, moni kwa alamu.