Labotale yati palibe kachilombo, koma nyemba zikuumabe

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene amalima nyemba pafupi ndi munda wa clover wodyetsera ziweto. Masamba a nyemba achita mawangamawanga, nsonga zikuuma, koma atatumiza masamba ku labotale pepala linabwera loti palibe kachilombo. Akufunsa kuti akhulupirire pepala kapena maso ake.

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa inandibwezera ku chaka chimene ndinataya nyemba zanga ndili ndi pepala longa lanulo m'thumba. Nyembazo zinamera bwino, koma zitayandikira maluwa masamba anayamba kukwinyika, mitsempha n'kuchita chikasu kenako n'kuda. Ndinaganiza kuti ndi njala ya m'nthaka, ndinathira feteleza. Sizinasinthe. Ndinapopera mankhwala a nsabwe kawiri. Kenako ndinathyola masamba ouma kwambiri aja, poganiza kuti ndi amene adzaza matenda, ndinawamanga m'jumbo n'kutumiza. Pa fomu panali funso loti ayeze chiyani, ine ndinalemba Bean common mosaic virus, chifukwa ndilo dzina lokhalo limene ndinkalidziwa. Za clover amene anali tsidya la mpanda sindinatchule, ndipo palibe anandifunsa. Yankho linabwera loti palibe. Ndinasunga mtima pansi, nyemba n'kumapitabe.

Chimene chinandiwawa ndinachimva chaka chotsatira, kwa mphunzitsi wina wachikulire wa matenda a zomera. Anayang'ana pepalalo n'kundiuza kuti silinaname, layankha funso limene ndinafunsa. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi ELISA, imene Engvall ndi Perlmann anaifalitsa mu 1971, ndipo Clark ndi Adams anaikonza kuti igwire ntchito pa tizilombo ta zomera mu 1977. Masamba amasinjidwa, madzi ake n'kuthiridwa m'kambale kapulasitiki kokhala ndi timaenje 96. Pansi pa timaenjeto amakhala atamatapo kale ma antibody, omwe ndi mapuloteni opangidwa kuti agwire kachilombo kamene akukafuna. Kakagwidwa, mankhwala omaliza amasanduka achikasu, makina n'kuwerenga kukula kwa chikasucho. Msampha wotchera mbewa sugwira njiwa. Ngati m'tsamba muli kachilombo ka mtundu wina, madzi amangokhala oyera, ndipo wolemba amalemba kuti palibe.

Apa ndiye ndimalimba mtima kunena kuti labotale imene imapereka pepala lolembedwa "palibe" osatchula dzina la kachilombo kamene yayeza ndi njira imene yatsata ikulakwira mlimi. Ndinkati mwina n'kuiwala chabe, koma pano ndimaona kuti n'kusasamala. Mlimi sawerenga pepalalo ngati katswiri. Akaona mawu amenewo amamva kuti munda wake uli bwino, ndiye amasunga mbewu, amagawirako anzake, amabzalanso pomwepo. Mzere umodzi wofotokoza ukanapulumutsa zonsezo.

Mphunzitsi uja anachita chinthu chimene mpaka lero chimandisangalatsa. Anasinja masamba anthete a nyemba zodwala, anawaza ufa wa carborundum pa masamba a chomera chotchedwa Chenopodium quinoa, n'kupakapo madziwo ndi chala. Ufawo umakanda tsamba pang'ono kuti kachilombo kalowe. Patapita masiku angapo timadontho tinatuluka pa masambawo. Njira yakale imeneyi ambiri anaisiya chifukwa imachedwa ndipo siikuuza dzina, koma ili ndi ubwino umene ELISA ilibe: chomera sichidikira kuti uchiuze chimene ukufuna. Ana a sukulu za ulimi akanamaphunzira kaye zimenezi asanakhudze makina, akanamadziwa kukayikira pepala. Dzina tinalipeza ndi RT-PCR. Tizilombo tambiri ta nyemba ndi clover timasunga chibadwa chake mu RNA, osati mu DNA, choncho amayamba asandutsa RNA kukhala DNA, kenako n'kuichulukitsa kambirimbiri mwa njira ya PCR, imene inapatsa Kary Mullis mphoto ya Nobel mu 1993. Anagwiritsa ntchito ma primer, tizidutswa ta DNA tosankha mbali yoti ichulukitsidwe, ogwira gulu lonse la tizilombo lotchedwa potyvirus, n'kuwerenga ndondomeko ya zilembo za chidutswa cha DNA chimene chinatuluka. Anali Clover yellow vein virus. Kachilomboka n'kachibale kwambiri ndi Bean yellow mosaic virus, moti ma antibody ena amasokoneza tiwiriti, n'chifukwa chake kuwerenga ndondomekoko kunali kofunika.

Clover wa tsidya la mpanda uja ankaoneka wathanzi ndithu. Clover woyera amakhala zaka zambiri m'munda, ndipo amatha kusunga kachilombo osaonetsa kwenikweni, nsabwe n'kumatapa pamenepo kupititsa ku nyemba. Ndipo mankhwala amene ndinapopera aja sakanathandiza kwenikweni. Nsabwe imatenga kachilombo ka mtundu uwu m'masekondi ochepa ikangolawa tsamba, ndipo imakasiya pa chomera china isanamve n'komwe mankhwala. Pali tizilombo tina timene sitifuna n'komwe nsabwe: White clover mosaic virus amayenda ndi mipeni ya makina odulira msipu. Alfalfa mosaic virus amayenda ndi nsabwe komanso m'mbewu za zomera zina. Tonseti tingachititse mawangamawanga ofanana, ndipo chomera chimodzi chingakhale ndi tiwiri kapena titatu. Choncho maso anu, mayi, akunena zoona kuti pali vuto, koma dzina la vutolo sangakupatseni. Kusowa kwa michere ina m'nthaka ndi mankhwala ophera udzu ouluka ndi mphepo nazonso zimakwinyitsa masamba.

Muchite chiyani tsopano

Aimbireni a labotale muwafunse dzina la kachilombo kamene anayeza ndi njira yake. Tumizaninso masamba, koma anthete oonetsa zizindikiro, osati ouma, ochokera ku zomera zingapo, chilichonse m'thumba lake lolembedwa. Ikanimonso a chomera chooneka chathanzi, ndi a clover ngakhale akuoneka bwino. Musawatsuke, muwasunge pozizira, afike msanga. Pa fomu lembani kuti pafupi pali clover, ndipo pemphani kuti ayeze gulu lonse la potyvirus pamodzi ndi Alfalfa mosaic virus, makamaka ndi RT-PCR ngati ELISA yalepheranso. Zotsatira zisanabwere musasunge mbewu za m'mundamo. Mukapeza mpata nditumizireni chithunzi cha pepala loyamba lija, ndikufuna ndione mzere umene analembapo dzina la kachilombo, ngati ulipo.