Kanyali ka pa sight ya uta posaka agwape ku America: komwe n'kololedwa, komanso ngati n'koyenera kugula

Mwa makalata a pa imelo amene afika, ina yachokera kwa bambo wina wa kwathu amene amakhala ku Michigan. Wayamba kusaka agwape ndi uta wamakono wa mawilo uja, ndipo akuti kukamada mapini a pa sight yake saoneka. Sight ndi chipangizo cholozera chomangidwa pa uta, ndipo mapini ndi timitengo take tansonga tomwe mumalunjikitsa pa nyama. Akufunsa ngati angaikepo kanyali ka batire osalakwira lamulo, ngati kamathandizadi, komanso ngati angapite nako ku Colorado komwe anzake amuitana chaka chamawa.

Achimwene, ku Michigan ikani, ku Colorado chotsani. Dziko la America lilibe lamulo limodzi pa nkhaniyi. Chigawo chilichonse chili ndi kabuku kake ka malamulo a ulenje komwe kamatuluka chaka ndi chaka, ndipo zololedwa tsidya lino la malire zimatha kukhala mlandu tsidya linalo.

Anthu amasokoneza zinthu zinayi zosiyana. Pali mapini a fiber optic, timaulusi tomwe timatolera kuwala kwa kunja n'kukufikitsa kunsonga ya pini. Amenewa alibe batire ndipo savuta pa malamulo. Pali kanyali ka LED komwe mumamanga pa sight kuti kawalitse timaulusito. Pali mapini a tritium, mpweya wowala wokha womwe mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka pafupifupi 12. Ndiye pali zida zoponya kuwala kutsogolo, laser kapena tochi, zomwe zimakagwera pa nyama. Zomalizazi iwalani, kuunikira gwape kuti mumulase ndi mlandu umene oyang'anira nyama sauseweretsa.

Zigawo zambiri za kummawa ndi pakati zimayang'ana chinthu chimodzi: kodi kuwalako kukuchoka pa uta kupita kwa nyama? Michigan imalola pini yowala pa nthawi yovomerezeka yosaka. Pennsylvania imalolanso bola kuwalako kusaponyedwe kutsogolo, ndipo Texas imatchula mapini owala pa mndandanda wa zololedwa. Kumadzulo kwa mapiri maganizo ndi ena. Colorado imaletsa chipangizo chamagetsi kapena cha batire chomangidwa pa uta, kupatula timagetsi ta kumchira kwa muvi ndi makamera osaunika. Oregon ili chimodzimodzi. Montana ndi Idaho zimapitirira apo, zimatchula ndi tritium yemwe, choncho musaganize kuti pini yopanda batire mwathawa nayo lamulo. Ma sight oyeza okha mtunda, monga Garmin Xero yomwe inatuluka mu 2018, amagwera m'gulu lomwelo la zamagetsi.

Popita ku Colorado, masulani kanyali konse musiye kunyumba. Kuchotsa mabatire okha sikokwanira, chifukwa lamulo likunena za chipangizo chomangidwa pa uta, osati choyaka. Mlandu wake sumathera komweko. Zigawo zimauzana mayina a olandidwa laisensi kudzera mu mgwirizano wa Interstate Wildlife Violator Compact, ndiye chiletso cha ku Colorado chikhoza kukutsatirani ku Michigan. Kuwoloka malire ndi nyama yophedwa mophwanya lamulo kumakugwetsaninso mu Lacey Act ya 1900, lomwe ndi lamulo la boma lalikulu. Tsegulani kabuku ka chaka chimene mukusakacho, pa gawo la zida za uta, ndipo ngati mawu ake akuzungulira imbirani ofesi ya zanyama ya chigawocho.

Palinso bungwe la Pope and Young Club, lomwe limasunga mbiri ya nyama zikuluzikulu zophedwa ndi uta. Malamulo awo akhala akukana zamagetsi pa uta ngakhale boma litalola. Ngati mumalota zolembetsa nyanga kumeneko, werengani malamulo awo musanayatse.

Tsopano za phindu lake. Nthawi yosaka m'zigawo zambiri ndi kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke kufika mphindi 30 litalowa, ndipo kanyali sikawonjezera ngakhale mphindi imodzi. Vuto la chisisira kawirikawiri si pini, koma gwape. Mukayatsa, diso limathamangira kadontho kowalako, limachepetsa kuwala komwe likulandira, ndipo thupi la nyama kuseri kwake limasanduka chithunzithunzi chakuda. Kadonthoko kamafufumanso n'kukhala ndi mkombero ngati mwezi wa mvula. Pa mayadi 30 mkombero umenewo ukhoza kuphimba malo onse a mapapo kuseri kwa mwendo wakutsogolo, mukulasa poganizira chabe. Muvi ukalowa m'mimba, mudzachezera usiku kutsata magazi ochepa ndi tochi, mwina osaipeza nyamayo. Amene maso awo amaona magetsi a galimoto ngati nyenyezi zotambasuka usiku amavutika kwambiri ndi izi.

Komwe kanyali kamagwiradi ntchito ndi m'kachisakasa kobisalamo ka pansi, komwe alenje amati ground blind. M'kati mwake ndi mwakuda dala kuti gwape asakuoneni, ndiye timaulusi tilibe kuwala kotolera ngakhale kunja kuli masana. Gwape akuoneka bwino, mapini ndi akuda. Apo kanyali n'kofunika. Pansi pa mitengo yothithikana ya paini kamathandizako pang'ono. Mukakhala pa nsanja ya mumtengo m'mphepete mwa munda wa chimanga, ine sindiona chifukwa chokagulira.

Mukagula, sankhani kosintha mphamvu, osati kongoyatsa ndi kuzimitsa, ndipo gwiritsani mphamvu yotsikitsitsa yomwe pini ikuoneka. Onani kaye ngati mazinga ake akugwirizana ndi bowo la pa sight yanu, poti makampani amasiyana. Tambiri timadya timabatire titatu tating'ono ta mtundu wa LR41, tomwe timafooka msanga m'chisanu cha November, ndiye sungani tina m'thumba la m'kati mwa jekete. Kamakonda kudziyatsa kokha m'bokosi la uta, mukafika kutchire katha; masulani chivundikiro pang'ono ponyamula. Kugwedezeka kwa uta kumakamasulanso n'kuyamba kulira, choncho yesani kulimba kwake mukamaliza kuyeserera. Kuwala kotayikira m'mbali phimbani ndi tepi wakuda kuti kusaunikire nkhope ndi manja anu.

Koma musanawononge ndalama, yang'anani zinthu zitatu zomwe n'zololedwa ku Michigan ndi ku Colorado komwe. Kabowo ka pa chingwe, peep, kakakhala kakang'ono kamadya kuwala kochuluka. Kuchoka pa 1/8 kupita pa 3/16 kapena 1/4 ya inchi kumasintha zinthu kuposa kanyali, kungoti muyenera kuyesanso sight chifukwa pogwera muvi pamatha kusuntha. Kukula kwa pini nakonso, poyeza mu inchi: ya .010 ndi ya kutali masana, ya .029 imawala koma imaphimba nyama, ya .019 ndiyo yapakati yomwe alenje ambiri a agwape amakhala nayo. Pini yokhala pamwamba pa zinzake ikhale yobiriwira, chifukwa yofiira ndiyo imayamba kuzimirira kukamada. Chachitatu ndi utali wa ulusi: sight yokhala ndi ulusi wautali wokulungidwa panja imatolera kuwala kochuluka. Ma sight ena a kampani ya HHA ali ndi chivundikiro chotsegula ndi dzanja, ndipo a kampani ya Black Gold ali ndi chodetsa chokha dzuwa likakula, zonsezi popanda batire.

Kenako ikani chandamale chooneka ngati gwape pa mayadi 20, dzuwa litangolowa, muzilasa muvi umodzi mphindi zisanu zilizonse, kamodzi kanyali kali kozima, kenako koyaka motsitsa. Lembani mphindi imene mwasiya kuona mzere wa phewa kudzera mu peep. Kutchire, pansi pa masamba, mphindi imeneyo imafika msanga kuposa pabwalo la kunyumba, ndiye chotsanipo zina zisanu.